KATEMERA NDINABAYITSA KATATU, KOMA THUPI SILINAMVE

Akonzi a magazini yathuyi atandipempha kuti ndilembeko kanthu monga mmodzi mwa anyamata akale a pa seminale pano, ndinakhala masiku angapo ndikusinkhasinkha. Za mpira ena analemba kale, za nyemba za tsiku ndi tsiku nazonso zili ndi eni ake. Tsono ine ndasankha nkhani ya ku ntchito kwanga, pakuti nditatsiriza Folomu 4 njira yanga inakhota, ndipo lero ndimagwira ntchito ya chipatala. Nkhani yake ndi ya kapepala kamodzi kamene kanandisowetsa mtendere kwa miyezi yambiri.

Pa chipatala chimene ndinkagwirako ntchito panabwera mwayi wakuti tonse ogwira odwala tibayitse katemera wa matenda a chiwindi otchedwa Hepatitis B. Ndinali ndi zaka 41. Ndinabayitsa koyamba, kachiwiri patapita mwezi umodzi, ndipo kachitatu patapita miyezi 6 kuchokera pa jekeseni woyamba, monga mwa dongosolo lake. Patangotha masabata awiri chibayitsire jekeseni womaliza, singano imene ndinatengera magazi a wodwala wina inandilasa chala. Za HIV ndinachita nazo mantha, kotero tsiku lomwelo ndinayamba kumwa mankhwala oteteza aja a masiku 28. Koma za chiwindi sindinalabadireko. Mumtima ndinati, "Kumeneko ndiye ndinatseka kale." Wodwala uja anatuluka m'chipatala osayezedwa matendawa, ndipo sindinamuonenso.

Patapita mwezi anatiyeza magazi tonsefe kuti aone ngati katemera anagwira. Anzanga ena mapepala awo analembedwa 300, ena 800, ena kupitirira 1,000. Langa linalembedwa 3. Munthu amatengedwa kuti ndi wotetezedwa akafika pa 10. Ndiye kuti tsiku limene singano ija inandilasa ndinali ngati nyumba yosakhoma, mwini wake ali mtulo akuyesa kuti anapiringidza chitseko.

Tisanapite patali ndifotokoze kaye za matendawa. Hepatitis B ndi kachirombo kamene kamakhala m'chiwindi. Kamafala kudzera m'magazi ndi m'madzi ena a m'thupi: kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, pakati pa ana aang'ono posewera ali ndi zilonda, pogonana, pobwerekana malezala, miswachi ndi singano, ngakhalenso potemera mphini ndi lumo limodzi. Sikafala podyera mbale imodzi kapena popatsana moni wa m'manja. Ndi kolimba kwambiri, pakuti kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7. Munthu akalasidwa ndi singano ya wodwala wa HIV, mwayi wotenga matendawo ndi pafupifupi 3 pa anthu 1,000. Akalasidwa ndi singano ya munthu amene Hepatitis B yachuluka m'magazi mwake, mwayiwo umatha kufika pa 30 mwa anthu 100 aliwonse. Onani tsono kupusa kwanga: ndinathawa galu, mkango ndikuusiya pakhomo.

Munthu wamkulu akatenga kachiromboka, kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha. Ena amadwala chikasu, maso kuchita yelo ndi mkodzo kuda, kenaka n'kuchira. Osakwana 5 mwa akulu 100 ndiwo amakhala nako mpaka kalekale. Koma kwa khanda zinthu n'zosiyana: mwa makanda 10 otenga kachiromboka pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse. Kamadya chiwindi mwakachetechete kwa zaka 20 kapena 30, mpaka chiwindi chiuma kapena kugwidwa khansa. Mwa amalume ndi abambo aja tinawaika m'manda atatupa mimba, anthu n'kumalozana zala za ufiti, ena anafa ndi matenda amenewa. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachiromboka pa dziko lonse, pafupifupi 65 miliyoni mwa iwo ali muno mu Africa, ndipo anthu okwana 1.1 miliyoni anamwalira nako m'chaka chimenecho.

Kuno kwathu katemerayu anayamba kuperekedwa kwa makanda m'chaka cha 2002, mu jekeseni mmodzi woteteza matenda asanu amene mwana amalandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Choncho inu achimwene anga amene muli pa seminale lero, ngati amayi anu ankapita nanu ku sikelo mokhulupirika, munalandira. Koma makolo anu, aphunzitsi anu ndi ansembe anu ambiri, amene anabadwa chisanafike chaka chimenecho, sanalandire. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, n'kusindikizidwa mu 2022, anapeza kachiromboka mwa akulu pafupifupi 5 pa 100 aliwonse, pamene mwa ana obadwa katemera atayamba anali 3 okha pa 1,000. Palibe angatsutse kuti katemerayu amagwira ntchito. Funso langa linali lakuti, nanga bwanji mwa ine sanagwire?

Kuti timvetse, tione mmene katemerayu anapangidwira. Kachiromboka kali ndi chovala chakunja. Dokotala wina wa ku America, Baruch Blumberg, anatulukira chovalachi m'zaka za m'ma 1960 m'magazi a munthu wina wa mtundu wa eni nthaka a ku Australia, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1976. Tsiku lake lobadwa, 28 July, ndilo dziko lonse limakumbukira matenda a chiwindi. Katemera woyamba, amene anakonzedwa ndi Maurice Hilleman ndi anzake n'kuvomerezedwa mu 1981, ankamupanga potsuka chovalachi kuchokera m'magazi a anthu amene anali ndi kachiromboka. Kuyambira mu 1986 chovalachi chimapangidwa ndi yisiti, mbale wake wa yemwe amatupitsa buledi uja. Motero m'katemeramu mulibe kachirombo, kamoyo kapena kakufa. Muli malaya ake okha, ndipo sangadwalitse munthu Hepatitis B.

Malayawo akalowa m'mnofu, pamakhala ntchito ya magulu atatu a maselo. Oyamba ndi alonda oyendayenda, amene amatola chinthu chachilendocho, kuchiduladula, n'kupita nacho ku timwanabere ta m'khwapa. Kumeneko amachionetsa kwa gulu lachiwiri, maselo otchedwa T, omwe aja timawadziwa ndi dzina lakuti CD4. Amenewa ndiwo alamuli a nkhondo. Iwo akavomereza kuti uyu ndi mdani, amauza gulu lachitatu, maselo otchedwa B, kuti asule zida. Zidazo ndizo ma-antibody, ndipo za Hepatitis B zimatchedwa anti-HBs. Nambala ija ya 3 pa pepala langa inali kuchuluka kwa zida zimenezi m'magazi anga. Unyolo umenewu ukaduka pamalo amodzi, kaya alonda sanadzuke, kaya alamuli sanazindikire, zida sizisulidwa. Mwa makanda ndi achinyamata, oposa 95 pa 100 amapanga zida zokwanira. Mwa akulu athanzi, pakati pa 5 ndi 10 pa 100 sapanga.

Zifukwa zake zina zili m'botolo, zina m'dzanja la wobaya, zina m'thupi la wobayidwa. Katemerayu ayenera kusungidwa pozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ambiri timaopa kutentha, koma mdani wake wamkulu ndi kuzizira kopitirira muyeso. Akangouma ngati ayezi, ngakhale kamodzi kokha, mphamvu yake imaonongeka ndipo sibwereranso, chonsecho akasungunuka amaoneka bwinobwino. Zimachitika kabotolo kakagundana ndi mapaketi a ayezi m'bokosi lonyamulira. Azaumoyo ali ndi njira yoyesera: amagwedeza kabotolo kokayikitsako pamodzi ndi kena kamene akaumitsa dala, n'kuona ngati matsenjerero akutsika pansi mofulumira chimodzimodzi. Za dzanja la wobaya, m'chaka cha 1985 ku America anazindikira kuti ogwira ntchito m'zipatala amene anabayidwa kumatako ankapanga zida zochepa kusiyana ndi obayidwa paphewa. Kumatako kuli mafuta ambiri, ndipo singano imathera m'mafutamo osafika pa mnofu. N'chifukwa chake wamkulu amabayidwa paphewa, khanda pantchafu, ndipo munthu wonenepa amafunika singano yotalikirapo.

Za m'thupi ndizo zambiri. Choyamba ndi msinkhu. Munthu akapitirira zaka 40 chitetezo chimayamba ulesi, ndipo pofika zaka 60 ndi anthu pafupifupi 75 okha pa 100 amene katemera wa masiku onseyu amawagwira. Amuna timalephera kuposa amayi. Kusuta fodya, kunenepa kwambiri, uchidakwa, matenda a shuga, matenda a impso, HIV, ndiponso mankhwala ofooketsa chitetezo monga a khansa, zonsezi zimachepetsa mphamvu ya katemera. Palinso chibadwa. Alonda aja amaonetsa mdani kwa alamuli atamuika pa kambale kotchedwa HLA, ndipo kaumbidwe ka kambaleka timatengera kwa makolo. Anthu ena anabadwa ndi timbale timene sitigwira bwino chidutswa cha malaya a kachiromboka, ngakhale timagwira bwino za matenda ena onse. Munthu wotere si wodwala ayi. Akhoza kukhala wamphamvu wolima maekala atatu, koma pa katemera mmodzi yekhayu thupi lake ndi gonthi. Ine ndikadziyang'ana, ndinali mwamuna, wa zaka 41, ndipo mimba inali itayamba kutsogola. Fodya yekha ndiye ndinalibe mlandu naye.

Palinso za tulo, zimene ndikufuna anyamata a Folomu 4 amve. Ku America mu 2012 anasindikiza kafukufuku wa anthu 125 a zaka za pakati pa 40 ndi 60 amene analandira katemerayu. Ogona maola osakwana 6 pa usiku anapanga zida zochepa kusiyana ndi ogona maola opitirira 7. Ine miyezi imeneyo ndinali pa ntchito ya usiku kawirikawiri. Sindinena kuti chifukwa chake chinali chimenecho, koma ndikakumbukira mmene tinkawerengera ndi tochi m'bulangete mayeso akayandikira, ndimaona kuti chizolowezi chonyoza tulo ndinachiyambira pompano.

Pano ndichenjeze za chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale ife a chipatala. Kulephera kupanga zida n'kosiyana ndi kuchepa kwa zida pakapita zaka. Kuyeza koona kumachitika pakatha mwezi umodzi kapena iwiri chilandirire jekeseni womaliza. Mmodzi wa inu amene anabayidwa ali khanda atayezedwa lero, mwina nambala yake ikhoza kukhala pansi pa 10, koma sindiye kuti katemera sanagwire. Thupi silisunga mikondo yambiri pa nthawi ya mtendere, koma limasunga amisiri okumbukira kasulidwe kake. Ku Alaska anatsatira anthu amene anabayidwa mu 1981 kwa zaka 30. Theka la iwo anali akadali ndi zida zokwanira, ndipo mwa otsalawo amene anapatsidwa jekeseni mmodzi wokumbutsa, 88 pa 100 zida zinabwerera msanga. Choncho munthu wotere amapatsidwa jekeseni mmodzi n'kuyezedwanso pakatha mwezi. Nambala ikakwera, ndiye kuti thupi limakumbukira. Ndiponso si aliyense amene afunika kuyezedwa akatha katemera. Oyenera kuyezedwa ndi ogwira ntchito m'zipatala, amene ali ndi HIV, odwala impso, amene amuna kapena akazi awo ali ndi kachiromboka, ndi ana obadwa kwa amayi amene ali nako, omwe amayezedwa ali ndi miyezi ya pakati pa 9 ndi 12.

Kwa ine zinali zoonekeratu, pakuti ndinayezedwa pa nthawi yake. Dokotala wamkulu atayang'ana pepala langa sanathamangire jekeseni wina. Anati, "Achimwene, tiyambe taona ngati mlendoyu sali kale m'nyumba." Ichi ndicho choyamba kwa aliyense amene katemera sanamugwire, chifukwa munthu amene ali kale ndi kachiromboka, ngakhale mutamubaya kakhumi, sapanga zida zimenezi. Amayeza zinthu ziwiri: HBsAg, kutanthauza malaya enieni a kachiromboka m'magazi, ndi anti-HBc, chizindikiro chakuti thupi linakumanapo ndi kachirombo kenikeni. Mwa ife amene tinalephera, mnzathu mmodzi anapezeka nako, osadziwa kuyambira ubwana wake. Kwa iye katemera analibenso ntchito. Chofunika chinali kuyang'anira chiwindi chake, kusiya mowa, kupewa mtedza ndi chimanga cha chuku chimene poizoni wake amathandizana ndi kachiromboka kuyambitsa khansa, ndiponso kuyezetsa mkazi ndi ana ake. Mankhwala alipo, monga tenofovir, yemweyo ali m'ma ARV a masiku ano. Sachotseratu kachiromboka, koma amakapondereza n'kuteteza chiwindi. Ine magazi anga anapezeka opanda kanthu, koma pokumbukira singano ija anandiuza kuti ndidzayezedwenso ikakwana miyezi 6 chilasidwire, pakuti matendawa amatha kubisala nthawi yaitali.

Njira yoyamba yodzutsira thupi ndi yosavuta: kubwereza. Munthu amalandiranso majekeseni atatu, paphewa, kuchokera m'botolo losungidwa bwino, n'kuyezedwanso. Pafupifupi theka la olephera poyamba, kapena kupitirira apo, amapambana ulendo wachiwiriwu. Zili ngati mnyamata wogona tulo tofa nato: belu loyamba salimva, koma likalira kachiwiri ndi kachitatu amadzambatuka.

Njira yachiwiri ndi kuwonjezera muyeso. Jekeseni wa munthu wamkulu wa katemera wotchedwa Engerix-B amakhala ndi mamaikrogalamu 20 a malaya aja. Odwala impso amene amatsukidwa magazi ndi makina, monga amene ali ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, amayenera kupatsidwa 40, ndipo kanayi m'malo mwa katatu. Iwowa amafunikanso kuyezedwa chaka ndi chaka n'kuwonjezeredwa nambala ikatsika pansi pa 10, chifukwa chikumbukiro cha thupi lawo n'chosadalirika. Ku France mu 2011 anayesa njira imeneyi mwa anthu amene ali ndi HIV. Mwa olandira muyeso wa masiku onse katatu, 65 pa 100 anatetezedwa. Mwa olandira muyeso wowirikiza kanayi, 82 pa 100. Kwa amene ali ndi HIV palinso thandizo lina: katemera amagwira bwino HIV ikaponderezedwa ndi ma ARV ndipo CD4 yakwera, pakuti alamuli a nkhondo aja ndiwo HIV imapha. Amene analephera asanayambe ma ARV ayenera kuyesanso mankhwalawo atakhazikika m'thupi.

Njira yachitatu ndiyo imandisangalatsa koposa, ndipo apa Chilatini chimene tinkalira nacho chija chili ndi phindu. M'katemera amaikamo chinthu chotchedwa adjuvant, kuchokera ku mawu akuti adjuvare, kuthandiza. Malaya a kachirombo paokha saopsa thupi. Alonda amatha kuwadutsa ngati chiguduli cha m'njira. Adjuvant ndiye mfuu ya "Wakuba! Wakuba!" imene imadzutsa mudzi. M'zaka za m'ma 1920 dokotala wa ziweto wa ku France, Gaston Ramon, anaona kuti akavalo amene malo obayidwa anatupa ankapanga zida zambiri. Anayamba kusakaniza katemera ndi zinthu zosiyanasiyana kuti atupitse dala, ndipo china mwa izo chinali tapioca, ufa wochokera ku chinangwa. Inde, chinangwa chomwechi. Mu 1926 Alexander Glenny wa ku England anapeza kuti mchere wa aluminiyamu umagwira bwino ntchitoyi, ndipo ndi umene uli m'katemera wa masiku onse wa Hepatitis B. Ndiwonso umaonongeka katemera akauma ndi kuzizira.

Koma mfuu ya aluminiyamu ndi yapansipansi, ndipo matupi ena saimva. Akatswiri anafunafuna mfuu zokwererapo. Mu 2005 ku Ulaya anavomereza katemera wotchedwa Fendrix, wopangidwira odwala impso, amene pamwamba pa aluminiyamu anawonjezera kachidutswa ka khungu la bakiteriya kochotsedwa ululu. Ku Netherlands anayesa anthu 480 athanzi amene katemera woyamba sanawagwire, zotsatira zake n'kutuluka mu 2020. Obwereza katemera wa masiku onse anapambana 67 pa 100, olandira muyeso wa 40 anapambana 83 pa 100, ndipo olandira Fendrix anapambana 87 pa 100. Mu 2017 ku America anavomereza wina wotchedwa Heplisav-B. Mwa ameneyu muli kachingwe kafupi ka DNA kopangidwa mofanizira DNA ya mabakiteriya. M'kati mwa maselo ena a chitetezo muli kachipangizo kotchedwa TLR9 kamene ntchito yake ndi kununkhiza DNA yotereyi. Kakainunkhiza, thupi limayesa kuti mabakiteriya alowa, ndipo limadzuka ndi mphamvu zonse n'kupeza malaya aja ali pomwepo. Katemerayu amabayidwa kawiri kokha, motalikirana mwezi umodzi. Mu 2024 anasindikiza kafukufuku wa anthu 561 a m'maiko 10, onse ali ndi HIV ndiponso olephera katemera wakale. Obwereza wakale uja katatu anapambana 81 pa 100, olandira watsopanoyu kawiri 93 pa 100, ndipo olandira watsopanoyu katatu 99 pa 100. Nditawerenga zimenezi ndinakhala kaye chete, pakuti amenewa ndi anthu amene kale tinkangowagwetsa mphwayi. Vuto lake ndi mtengo. Pa chipatala chathu katemera wotereyu sitinamuonepo, ndipo maganizo anga ndi akuti chinthu chothandiza chotere chiyenera kufika msanga kumene matendawa achuluka, osati kumene ndalama zachuluka.

Pali njira zinanso zimene ndingotchula mwachidule. Ena amabaya katemera wochepa m'kati mwa khungu lenileni, osati m'mnofu, chifukwa alonda aja achuluka pakhungu. Njirayi imathandiza ena, koma imafuna dzanja lozolowera. Ena anapanga katemera wa zidutswa zitatu za malaya m'malo mwa chimodzi, kuti kambale ka HLA kakalephera kugwira ichi kagwire icho. Anavomerezedwa ku America mu 2021, koma kampani yake inagwa mu 2024. Ena anayesa kupereka levamisole, mankhwala a njoka za m'mimba, pamodzi ndi katemera kwa odwala impso, koma njirayi sinakhazikike. Za mankhwala a zitsamba ndi mavitamini a m'mabotolo amene amatsatsidwa m'mabasi kuti "amakweza chitetezo," palibe umboni wakuti amathandiza katemerayu kugwira, ndipo zitsamba zina zimapweteka chiwindi chomwecho tikufuna kuteteza. Kusiya fodya, kuchepetsa thupi, kusamala shuga ndi kugona mokwanira n'kwaulere ndipo kuli ndi maziko, ngakhale pakokha sikungasinthe chibadwa cha munthu.

Nanga amene walandira majekeseni 6 a katemera wa masiku onse koma nambala osafika 10? Ameneyo, ngati katemera wa mfuu yokwera uja sapezeka, amatengedwa kuti ndi wosatetezedwa, ndipo ayenera kudziwa chomwecho. Sachotsedwa ntchito ayi. Koma akalasidwa ndi singano ya munthu amene ali ndi kachiromboka, amafunika kubwereka zida za anthu ena. Zidazi zimatchedwa HBIG, ndipo zimatengedwa m'magazi a anthu amene ali nazo zambiri. Zimabayidwa msanga, makamaka asanathe maola 24, ndipo pakapita masiku 7 phindu lake ndi lokayikitsa. Kenaka zimabwerezedwa pakatha mwezi. Poti ndi zobwereka, zimatha m'thupi pakapita miyezi yochepa. Ndi zodula ndipo sizipezeka wamba. Ine pamene ndinkadziwa kuti ndinali wosatetezedwa, nthawi ya HBIG inali itadutsa kalekale. Ndikadaumirira tsiku lomwelo kuti magazi a wodwala uja ayezedwe, bwenzi ndisanavutike mumtima miyezi yonse ija. Safunsa anadya phula.

Ndinayamba majekeseni achiwiri sabata lomwe ndinalandira pepala lija. Ulendo uno ndinkayamba ndayang'ana kabotolo ndi furiji imene katuluka, mpaka namwino wobaya anandiseka kuti, "Bambo inu, mwasanduka apolisi a furiji?" Ndinapempha kuti masabata a jekeseni andichotse pa ntchito ya usiku, ndipo njinga imene inachita dzimbiri kuseri kwa nyumba ndinaitulutsa. Kunyumba ndinauza mayi a kwathu zonse, nawonso anakayezetsa n'kuyamba katemera wawo. Itakwana miyezi 6 chilasidwire, HBsAg ndi anti-HBc zonse zinapezeka kuti mulibe. Patatha masabata 6 chilandirire jekeseni womaliza, pepala langa linalembedwa 146.

Amayi ena anamwino amene tinalephera nawo limodzi, a zaka za m'ma 50 ndiponso odwala shuga, atatha majekeseni 6 nambala yawo inali 4. Iwo akugwirabe ntchito m'wodi ya amayi oyembekezera. Pa chikuto cha kabuku kawo ka kuchipatala analembapo ndi cholembera chofiira kuti katemera wa Hepatitis B sanawagwire, ndipo anauza mkulu wa wodiyo kuti singano ikadzawalasa, magazi a wodwalayo ayezedwe asanatuluke pa geti.